Madzi a Mandimu pa Mzere wa Feteleza

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, poti ndikapanda kutero msuweni wanga adzaulula yekha, ndipo iyeyo akamakamba nkhani amathira mchere wambiri. Ine, munthu wamkulu ndi ndevu zanga, bambo wa ana asanu ndi awiri, ndinkakhulupirira kuti mwala wa mu impso ndi mwala umene munthu anameza. Ndinkati timiyala tija timaphonyeka posankha nyemba, ukatimeza timatsika, tikafika pamphambano m'mimbamo tina timatenga njira yabwino, tina timasochera n'kukamanga mudzi chakumsana. Sukulu ndinalekeza sitandade faifi, koma zimenezi musawanamizire aphunzitsi. Ndinaziganiza ndekha, ndipo zoganiza wekha ndiye zovuta kutaya.

Ndiye mwala woyamba utandigwira, chaka china dzuwa la Okutobala lili pachimake, ndinagubuduzika pabwalo ngati bulu wosamba fumbi, uku chala chikuloza akazi anga.

"Mwandipha ndi nyemba zanu! Kusankha kwake kumeneko, maso ali kumsewu?"

Anangomangitsa chitenje n'kukaitana wakabaza.

Kuchipatala cha kuboma ndinapeza adokotala achitsikana, msinkhu wa mwana wanga wachitatu. Atandibaya jakisoni, ululu n'kutsikako, ndinawafotokozera bwinobwino za nyemba zija kuti awalangizeko amayi akunyumba. Anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Abambo, mwala umenewu simunameze. Mwauumba nokha."

"Ine? Ndinayamba liti kuumba mbiya?"

"Madzi mumamwa kangati pa tsiku?"

"Ndikatsamwa."

"Nanga mkodzo wanu umaoneka bwanji?"

Funso lotero kufunsidwa ndi mwana, akazi ako ali pomwepo! Ndinayang'ana kudenga. Koma poti ndine mlimi wa fodya, mitundu ndimaidziwa, ndinayankha motsitsa kuti, "Ngati fodya wa chikopa, woderapo uja."

Anandifunsa kuti ndiwo zikaphwera pamoto, pansi pa poto pamatsala chiyani. Ndinati mchere wokhawokha. Anati basi, impso nazo ndi choncho. Munthu ukamakhetsa thukuta padzuwa osamwa kanthu, mkodzo umachepa, zamchere za m'thupi n'kumatsalira, lero pang'ono, mawa pang'ono, mpaka kamwala.

"Muzimwa tsiku lonse, osadikira ludzu, mpaka mkodzowo uziyera. Mchere muchepetse. Nyama ya pachiwaya isakhale ya tsiku ndi tsiku. Mandimu ngati alipo muzifinyiramo. Ndipo mudziwe, abambo, mwala ukabwera kamodzi njira umaidziwa."

Kamwalako kanatuluka patapita masiku anayi, ndinakagwira ndi kansalu monga anandilangizira. Abale inu, kukula kwake kanjere ka mapira! Kubangula konse kuja, mudzi wonse kumva, chifukwa cha kanthu koti nkhuku ikhoza kukadumpha osakaona. Msuweni wanga uja, mwana wa amalume, amene tinakulira limodzi ndipo timanyozana ngakhale pamaliro, anabwera kudzandizonda. Anakayang'ana kamwalako padzanja langa nthawi yaitali, n'kupukusa mutu.

"Asuweni, mimba yonse ija mwana wake n'kameneka? Akazi anu anabereka asanu ndi awiri osaitana mudzi."

Kuyambira pamenepo ndinalowa m'ndende ya chigubu. Akazi anga anatenga chigubu chachikasu chomwe munali mafuta ophikira, anachitsuka ndi phulusa, ndipo m'mawa uliwonse ankachidzaza kumjigo n'kufinyiramo mandimu awiri a mumtengo wa kuseri kwa bafa. Madzulo ndikabwera sankafunsa kanthu. Ankangochinyamula ndi chala chimodzi kumva kulemera kwake. Chikalemera, nkhope yawonso inkalemera.

Ndinamvera mpaka ululu utaiwalika. Paja munthu ululu amaukumbukira ndi pakamwa pokha, thupi limaiwala msanga. Chaka chotsatira, nthawi ya nazale, ndinali kudambo kuthirira mbande za fodya, keni kudzanja ili keni kudzanja ilo, kuchitsime, kubedi, kuchitsime, kubedi. Kumwa madzi ngati ng'ombe kunkandidula ntchito, kanthawi pang'ono wathamangira kutchire, anzako akukuwerenga maulendo. Ndiye madzi a m'chigubu ndinayamba kuwathira pa bedi lakumapeto. Madzulo chigubu chopepuka, amayi okondwa, ine ndili phee. Mbande za pa bedi limenelo zinakula mwaulemu kwambiri, kaya ndi mandimuwo.

Zinali zaka zija za makuponi. Kapepala kamodzi ka feteleza wokulitsa, kena ka wobereketsa, ndipo mudzi wonse sunkakamba china. Dothi lathu kuno ndi mchenga wotopa, fodya analidya kalekale. Chimanga chopanda feteleza chimangofika m'chiuno n'kuchita chikasu, ngayaye kutuluka ngati ndevu za mbuzi, chisononkho chokwana m'thumba la malaya. Chaka chimenecho dzina langa linatuluka. Makuponi awiriwo ndinawakulunga m'kajumbo ka shuga n'kuwasokerera m'kati mwa jekete, ndipo jeketelo ndinkalivala ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Koma kuponi si feteleza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kumunda tinali titagalauza kale, mitambo inayamba kusonkhana chakum'mawa cha ku Mtunthama uko, koma kudepoti kunali kopanda kanthu.

Masiku amenewo sindinkakhala pansi. Galimoto ikalira kumsewu, ine ndatuluka. Wanjinga akadutsa, ndamuimitsa, "Mwachokera kumsika? Lole yafika?" Ndikalowa m'chigafa, ndatuluka, ndikayang'ana kumwamba, ndalowanso, ndagwira jekete pamtima kumva ngati kajumbo kakulirabe.

"Abambo, takhalani pansi," akazi anga ankatero. "Mukuzunguza nkhuku."

Ndipo kumsana uku, kumanzere, pansi pa nthiti, kanthu kena kanali katayamba kundinong'oneza. Osati kupweteka ayi, kungogogoda pang'ono ngati mlendo waulemu. Sindinauze munthu.

Tsiku lina Lolemba madzulo mbiri inafika kuti lole yatsitsa kudepoti ya kumsika kwathu. M'mawa mwake ndinakwera njinga, chigubu chili pakaliyala, amayi atachimanga okha ndi mphira mfundo zitatu. Pofika ndinapeza mizere iwiri, wa amayi uko, wa abambo uku, wathu utazungulira khoma la depoti, kudutsa pachigayo, mpaka kukafika pa mtengo wa mango. Ena anagona pakhonde pomwepo. Chifuwa chako pamsana wa mnzako, mpweya wa mnzako pakhosi pako, moti ngakhale ntchentche inkasowa polowa. Kutsogolo kwanga ndinapeza ndani? Msuweni wanga, atavala chipewa chake cha mlaza.

Pa mzere wa kumjigo kapena wa kuchigayo munthu amasiya ndowa kapena patapata kuti zimusungire malo. Pa mzere wa feteleza zimenezo kunalibe. Anthu anali atatopa ndi olowerera, munthu kubwera n'kumati ndinali pano, ndinangopita kukagula mandasi, chonsecho akungofika kumene. Ndiye anagwirizana ndi mlonda lamulo limodzi: wachoka wachoka. Malo ako ndi mapazi ako. Ndipo kokataya madzi kunali kutali, kuseri kwa bwalo la mpira, m'mabulugamu.

Chifukwa cha kugogoda kuja, tsiku limenelo ndinati ndikhale munthu womvera. Ndinamwa kapu, ndinamwanso ina. Dzuwa lisanafike pamutu, chikhodzodzo chinayamba mlandu. Ndinaima ndi mwendo uwu, ndinaima ndi mwendo uwo, ndinaimba nyimbo ya kutchalitchi chamumtima mavesi onse. Sizinathandize.

"Asuweni," ndinanong'ona, "tandigwirirani malo, ndikaone kuseri."

"Pitani, pitani. Malo anu ali m'manja abwino."

Ndinathamanga ngati mnyamata. Pobwera ndinati ndilowe, msuweni n'kutambasula chigongono.

"Bambo inu, mukulowa pati?"

"Pamalo panga, asuweni, musayambe."

"Anthuni, alipo akuwadziwa madala awa? Ine nkhope iyi ndikuiona koyamba, ndipo sinandisangalatse."

Mzere wonse kugwa nako kuseka, mpaka amayi a mzere winawo. Mlonda anabwera ndi chibonga chake, nayenso akubisa mano.

"Wachoka wachoka, madala. Kumchira."

Ndinapita kumchira. Ndipo tsiku limenelo ndinapitako katatu, poti madzi ukawamwa sabwerera pakamwa. Pamene ankatseka chitseko madzulo ndinali kutali kuposa pomwe ndinayambira. Kalaliki anatuluka pakhonde n'kulengeza kuti matumba achepa, makamaka wokulitsa, ndipo za lole ina iye sakudziwa. Chondisangalatsa chinali chimodzi chokha: msuweni nayenso sanafike pakhomo.

Kunyumba amayi ananyamula chigubu ndi chala.

"Mwachita bwino lero. Nanga feteleza?"

"Mawa."

Lachitatu ndinalawira, komabe ndinapeza anthu makumimakumi. Ndinali nditagamula mlandu panjira: lero pakamwa panga sipadutsa dontho. Impso zidikire, mvula siidikira. Chigubu ndinangochisandutsa mpando. Vuto linali loti madzulo chiyenera kupepuka, ndipo ndinkaganiza zokachikhuthulira mumsewu pobwerera.

Patsogolo panga panali chimunthu china chachikulu, kapitawo wa kuesiteti, khosi ngati la ng'ombe ya pangolo. Dzuwa litakwera anatembenuka, milomo itayera.

"Madala, m'chigubumo ndi madzi? Tandigawireniko pang'ono."

Ndinamupatsa. Pang'ono pakepo anapendeketsa chigubu, kholingo likukwera ndi kutsika, ine ndikungowerenga. Anayamikira mandimuwo. Patapita kanthawi ndinaona chimunthu chija chayamba kuima ndi mwendo uwu, kenako mwendo uwo. Nyimbo imeneyo ndinkaidziwa. Anayang'ana kumabulugamu, anayang'ana kukhomo la depoti, anatukwana pang'ono, n'kuchoka. Ine ndinasuntha phazi limodzi kutsogolo.

Pamenepo ndi pomwe Satana anatera paphewa langa n'kupinda mapiko.

Ndinachotsa kapu m'thumba, ndinaipukuta ndi jekete, ndinakweza mawu.

"Abale anga, dzuwa ili si la masewera. Inu mukudziwa kuti kusamwa madzi kumaumba miyala mu impso? Musafunse wina, funsani ine. Unandigwira chaka chatha. Umayambira kumsana kuno ngati munthu akukuzika chikwanje, kenako umatsika, umatsika, mpaka kukafika kumalo koti sindingatchule amayi ali apo. Adokotala anandiuza okha: imwani osadikira ludzu. Inu achimwene a malaya ofiira, mkodzo wanu m'mawawu unali wotani? Musayankhe, nkhope yanu yayankha kale. Landirani kapu."

Anthu kuseka, koma kapu anailandira. Zonse zimene adokotala achitsikana aja anandiuza ndinazilalikira osasiyapo ndi limodzi, za ndiwo zophwera, za mchere, za chiwaya. Sindinaname ngakhale pang'ono, ndipo mpaka lero ndimati ulaliki wabwino ngati umenewo sunamvekenso pamsika paja. Kungoti kapu inkayenda chakutsogolo kokha. Wakumbuyo akapempha ndinkagwedeza chigubu n'kumuuza kuti atsala a mankhwala. Ndipo mmodzimmodzi nkhosa zanga zinayamba kuvina, mwendo uwu, mwendo uwo, n'kulowera kumabulugamu. Ine phazi kutsogolo. Wina wachoka, ine phazi kutsogolo.

Msuweni anali anthu asanu patsogolo panga. Kapu itamufika anainunkhiza n'kuibweza.

"Mfiti ikayamba kugawa nyama, usafunse kuti yafera kuti. Pitirizani nayo."

Tsiku limenelo ndinafika mpaka pa sitepe ya khonde, ndikuona ndi maso anga matumba atasanjikizana m'kati, fungo lake likundilasa m'mphuno, chitseko n'kutsekedwa, msuweni nayenso akadali panja. Ndinapalasa njinga kubwerera lilime litauma ngati chikopa cha ng'oma, koma mtima ukuvina. Ndinawauza amayi kuti kutentha kwa kudepoti chigubu chimodzi sichikukwana. Anandiyang'ana ngati mwana wolowerera wabwerera kwawo. Anakabwereka chigubu china kwa anzawo a kumvano, ndipo mandimu anathyola asanu ndi limodzi.

Lachinayi ndinanyamula zigubu ziwiri ndi chida china chatsopano: mtedza wokazinga wothira mchere wambiri, umene ndinagula panjira, ndi kamulu ka usipa wouma. Msuweni anandiposanso kulawira, anali anthu atatu patsogolo. Sindinamupatse madzi ayi. Ndinangotsegula mtedza n'kumatafuna mokweza, wina ndikugawira a patsogolo. Kuti asakayike ndinadya wambiri ine mwini, ndi usipa womwe, mitu ndi michira. Msuweni wanga akhoza kukana madzi, akhoza kukana Mawu a Mulungu, koma mtedza waulere sangaukane. Anatambasula dzanja chakumbuyo osatembenuka. Ndinamudzazira. Anatambasulanso. Ndinamudzaziranso.

Mitambo tsiku limenelo inali itatsika, kunja kuli chifundizi, mphepo osagwedeza ndi tsamba lomwe. Malata a depoti ankalira okha ndi kutentha. Ola lisanathe ndinamva msuweni akundiitana ndi kakhosi kouma.

"Asuweni, madzi aja alipo?"

"Madzi a mfiti?"

"Bweretsani, ufiti wa pachibale sugwira."

Anamwa makapu atatu. Ine ndinapitiriza ulaliki kwa ena, mzere ukuyenda, nkhosa zikupita kumabulugamu. Msuweni analimba, ndimupatse ulemu wake. Anapinda miyendo, analuma chipewa, anayang'ana kumwamba ngati akupemphera. Koma pomaliza anatembenuka, maso ali ndi misozi.

"Asuweni, ndife magazi amodzi. Mundigwirire."

"Pitani, pitani, mwana wa amalume."

Atabwera ndinali nditakonzeka. Ndinatambasula chigongono, ndinafunsa anthu ngati alipo akuwadziwa madala a chipewa cha mlazawa, ndinati ine nkhope yotere ndinaionapo kamodzi kokha, pa choopsezera mbalame cha m'munda wa mpendadzuwa. Mlonda anaseka mpaka kutsamira chibonga. Msuweni anapita kumchira akundiloza chala, ine ndikumugwedezera kapu.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinali nditakwera pakhonde, patsogolo panga patatsala anthu anayi, pamene mlendo waulemu uja analeka kugogoda n'kuthyola chitseko.

Amene sanaumvepo ululu umenewu sindingamufotokozere. Dzino likamapweteka umakhala phee n'kugwira tsaya. Mwala sulola zimenezo. Ukaima ukuti khala, ukakhala ukuti dzuka, ukawerama ukuti tambasuka, palibe mbali imene ungauike. Unayambira kumsana kumanzere n'kumakoka chingwe cha moto kutsikira kuchinena. Thukuta lozizira linandithira thupi lonse. Ndinanjuta, ndinadzuka, ndinatsamira mzati wa khonde, ndinauzungulira, ndinanjutanso.

Akumbuyo anaona ngati ndi gule uja wa masiku onse.

"Ehe! Abusa a madzi nawonso yawapeza!"

"Pitani madala, mabulugamu akukudikirani!"

"Mwendo winawo, madala, sinthani mwendo!"

Akanadziwa kuti m'chikhodzodzo mwangamo munalibe ndi dontho lomwe! Masiku awiri padzuwa ndinali nditangonyambitako pang'ono kunyumba, pamaso pa amayi. Patsogolo panatsala atatu. Ndinkaona tebulo la kalaliki, chidindo chikukwera ndi kutsika. Ndinkaonanso mulu wa wokulitsa, umene dzulo lake unkafika kudenga, tsopano utatsala matumba owerengeka ndi zala. Ndinadziuza kuti limba, mwamuna, ukachoka pano chaka chino mudya gaga. Ndinaluma kolala ya jekete. Anatsala awiri. Kenako mtedza ndi usipa zinaganiza zobwerera njira imene zinadzera, ndipo zinabwerera pakhonde la depoti, pafupi ndi nsapato za mlonda.

Kuseka kunatha. Mlonda anandigwira mkono.

"Madala, mwadwala. Tulukani mukhale pamthunzi."

"Sindichoka."

"Mufera pano."

"Ndikafa mundiike pamzere pomwepa, mtembo uzisuntha nawo."

Ndinakumbatira mzati ndi manja onse awiri. Komabe ndinatsetsereka mpaka pansi, ndikudzipinda ngati mphutsi ya m'fodya ikagwa padzuwa. Ndinamva anthu akundizungulira, wina akuti mupepeni, wina akuti ndi khunyu, wina akuti mupatseni madzi ake omwewo. Kenako ndinamva mawu amene ndimawadziwa kuyambira ndili wosavala.

"Patukani! Patukani! Wodwala ameneyu ndi wanga. Mwana wa azakhali anga uyu, ndinamulera ndekha!"

Kundilera ine, chonsecho ndine wamkulu kwa iye ndi miyezi isanu! Msuweni anandinyamula kukhwapa, koma sanalowere nane kumthunzi ayi. Analowera nane kukhomo la depoti, akukuwa.

"Akalaliki, munthu akutha uyu! Muthandizeni msanga ndithamange naye kuchipatala, ine ndiye gadiyani wake!"

Awiri a patsogolo aja anapatuka okha. Tinafika patebulo, ine ndikulendewera paphewa la msuweni ngati thumba la madeya. Ndinayamba kulimbana ndi ulusi wa m'jekete, poti makuponi aja ndinawasokerera mwaluso kwambiri. Msuweni makuponi ake anali kale m'manja.

"Poti awa akumasula, yambani ndi angawa, tisataye nthawi."

Chidindo chinatsika kawiri. Pamene ine ndinkang'amba jekete ndi mano, onyamula katundu ankatulutsa matumba a msuweni. Nditaika anga patebulo, kalaliki anasuzumira kumbuyo, anafunsa mnzake, n'kundibwezera kapepala kamodzi.

"Wobereketsa alipo, madala. Wokulitsa wathera pa abale anuwa. Kuponiyi musunge, mudzabwere lole ina ikafika."

Ndinafuna kutukwana, koma mwala unakoka chingwe chake ndipo chimene chinatuluka pakamwa panga ndi kulira kwa mbuzi.

Za ulendo wa kuchipatala chaching'ono cha pafupi ndi msika sindikumbukira zambiri. Ndikukumbukira wakabaza akupalasa, dzenje lililonse la mumsewu likundipatsa moni kumsana, ndi msuweni akuthamanga pambali atagwira jekete langa kuti ndisagwe, akupuma ngati ng'ombe yokalamba, akunena kuti, "Musafe, asuweni, musafe, ndinyoza ndani ine?" Matumba anawasiya kwa wachigayo.

Adokotala a kumeneko anali bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Anandibaya, anandiika diripi, anawerenga m'kabuku kanga ka kuchipatala zimene analemba anzawo a kuboma chaka chatha. Kenako anandiyang'ana pamwamba pa kabukuko.

"Apa analemba kuti anakulangizani za madzi. Mumamwa?"

"Lero lomwe ndabwera ndi zigubu ziwiri."

"N'zoona, adokotala," msuweni analowerera ali pakhomo. "Zigubu ziwiri. Tamwa ndife."

Ndipo anaifotokoza yonse, ya kapitawo, ya ulaliki, ya mtedza, mpaka odwala a pabedi lina anayamba kuseka akugwira mabala awo. Adokotala sanaseke. Anati mwala wotere suumbika masiku awiri, masiku awiriwo angougwedeza, koma unayamba kale. Anandifunsa kuti miyezi yotentha yonseyi ndinkatani. Pamenepo ndinaulula za bedi lakumapeto la kunazale. Anatseka kabuku.

"Tiona ngati utuluke wokha. Ukakana, kapena mukatentha thupi, kapena mkodzo ukatsekeka, tikutumizani kuboma. Impso si fodya, abambo, woti mukadula amaphukanso."

Ululu unatsika, koma mtima sunatsike. Ndinagona chagada ndikuyang'ana madontho a diripi, madzi omwe ndinawakana pakamwa akulowera pamkono. Ndinkawerenga masiku. Mvula ikagwa mawa, tibzala. Chimanga chikamera chifuna wokulitsa pasanathe sabata ziwiri. Lole ibwera liti? Ikabwera ine ndili pabedi pano? Ikabwera ine ndili pamzere, ndimwa kapena sindimwa? Ndinafuna kudzuka, chingwe cha diripi chinandikoka. Ndinatembenukira kukhoma, ndinatembenukira kukhomo. Kunja kunagunda kamodzi, chakutali, kamphepo konunkhira dothi lonyowa n'kulowa pawindo.

Akazi anga anafika kutangoda, atasenza kadengu, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Msuweni anawatumizira uthenga ndi wakabaza yemwe uja, ndipo atangowaona pakhomo anavula chipewa n'kuzemba, kunena kuti akukaona matumba. Ndinatseka maso kuti ndioneke wodwala kwambiri. Ndinamva akutula dengu, akukoka benchi, akukhala. Ndinatsegula diso limodzi.

"Mwafika, amayi?"

"Ndafika."

"Wobereketsa ndapeza."

"Ndamva."

"Wokulitsayo ndiye, msuweni uja, mukumudziwa khalidwe lake..."

"Abambo," anandidula, mawu ali pansipansi kuti a pabedi lina asamve. "Kuchokera kunyumba kufika pano andiimitsa amuna asanu ndi mmodzi. Ena sindiwadziwa ndi maina omwe. Aliyense akuti zikomo amayi, madzi anu a mandimu ndi okoma. Wina wachita kundigwadira. Masiku awiri ndakhala ndikutsuka impso za amuna a eni ake."

Ndinati ndiyankhe, anakweza dzanja.

"Lole ikabwera mukaimanso pamzere, ndipo mukamwa. Mukataya malo, mukayambira kumchira, ngakhale kakhumi. Wokulitsa akatha, athe. Chimanga chikachita chikasu, chichite. Ine kulima kopanda feteleza ndinalimapo, njala yake ndimaidziwa kukula kwake. Kulima kopanda mwamuna sindinalimepo, ndipo sindikufuna kuphunzira ndi imvi, ngakhale mwamunayo akhale chitsiru. Dzutsani mutu, mumwe madzi."